M'mimba mwa Batani, mwana wa a Telala

A Telala ndakhala nawo khomo loyandikana chitsegulireni saluni yanga. Chotilekanitsa ndi chipupa cha matabwa, ndiye zonse za m'chipinda mwawo ndimazimva: kulira kwa makina, sizasi ikamadya nsalu, ndi pakamwa pawo. Mayi amene aja amayankhula mapini ali kukamwa, osameza ndi imodzi yomwe. Kasitomala akalowa n'kuyamba kuti, "Ndimafuna diresi ya..." iwo amakhala atamaliza kale: "Ya manja aatali, inu mapewa anu ndi otsika. Tembenukani." Chowawa chake n'chakuti nthawi zambiri amalondola. Munthu amatuluka akung'ung'udza, koma diresi ikatha amabwera ndi mnzake.

Kusoka anaphunzira ali aakulu kale, amuna awo atamwalira n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi ndi makina akale amene ankangoikapo wailesi. Mwanayo tonse timamuti Batani, chifukwa ali wokwawa anameza batani la malaya, mayi ake n'kulondera thewera mpaka batanilo linatuluka. Anakulira pansi pa tebulo lodulira nsalu, pakati pa zigamba. Mwana wofatsa, wa mawu ochepa. Nanga akanayankhula nthawi yanji? Ukamufunsa kuti, "Batani, kusukulu kukuyenda?" yankho linkachokera kumakina: "Kukuyenda, masamu okha ndi amene akumuzunza."

Tsiku lina, ali ndi zaka khumi ndi zitatu, anabwera kuchokera kusukulu atapindika, manja atagwira m'munsi mwa mchombo. A Telala anangomuyang'ana kamodzi, basi anandigogodera chipupa.

"Asisi, mwana wakula!"

Anasiya mayunifomu a eni ake, anadula nsalu yofewa, n'kumusokera tinsalu ta kumwezi tokongola ngati togulitsa. Anamuuza kachapidwe kake, anamuuza za anyamata, mwana akungogwedeza mutu. Kuyambira pamenepo, mwezi uliwonse m'mimba mukamupweteka, tinsaluto tinkaoneka pachingwe cha kuseri, toyera mbee. Mayi ake ankanyadira kuti anabereka mwana waukhondo.

Koma ululu uja unkakulirakulira. Poyamba ankangomwa mankhwala opha ululu n'kupita kusukulu. Kenako anayamba kujomba. Chaka chitatembenuka, mwana ankagubuduka pansi pa tebulo lija, ataluma chigamba kuti makasitomala asamve. Ine ndinkamva. Ndinkaluka mutu wa munthu khutu lili kuchipupa.

Ulendo wa zipatala unayambira pamenepo. Uku anati ndi njoka za m'mimba, anamwa mankhwala, palibe chinasintha. Uku anati zilonda za m'mimba, asiye tsabola ndi zokazinga, mwana woti tsabola sanamulawepo. Kwina anayeza malungo, kwina mkodzo, kwina anati wangodzimbidwa, azimwa madzi ambiri. Wina anati ndi mmene atsikana ena amamvera akamapita kumwezi, zidzatha akadzabereka. Maulendo ena ndinkawaperekeza, ndipo kulikonse funso linali lomwelo: "Mtsikana, kumwezi unapita liti?" Batani asanameze n'komwe malovu, a Telala anali atayankha.

"Sabata yatha. Amapita bwinobwino, salumphitsa. Ndimaona ndine."

Adokotala ankalemba, n'kupita ku funso lina.

Zinafika poipa tsiku limene ankamuyeza siketi yatsopano ya sukulu. Ndinangomva makina aima. Tepi inali itawauza kuti mimba ya mwana yakula chakumunsi, ndipo atagwirapo anapeza polimba.

"Ndani?" Mawu anabowola chipupa. "Iwe, ndikuti ndani? Ine ndikuthyoka msana pamakina pano, iwe ukukandivula kunjaku?"

Ndinasiya kasitomala tsitsi lili theka, ndinathamangira komweko. Batani anali ataima ndi siketi ya mapini, misozi ikungoyenderera. Ndinati, "Achemwali, anthu akumva pamsewu." Anati amve. Anamukoka dzanja mpaka kuchipatala, anamuyeza, panalibe pathupi. Sanakhulupirire, anakamuyezetsanso kwina. Panalibe.

Ndikanakonda mukanawaona pobwera. Munthu akamva kuti mwana wake alibe pathupi amapuma, koma iwo anabwera atafooka ngati awakhuthula. Anakhala pampando wanga wochapira mitu n'kunena kuti, "Asisi, bola ikanakhala mimba. Mimba imabadwa. Nanga ichi n'chiyani?"

Kuyambira tsiku limenelo a Telala anatha nzeru. Aliyense wolowa ndi nsalu ankamufunsa za m'mimba, ndipo anthu, pakamwa sipawola, aliyense anali dokotala. Uyu akuti ndi chotupa cha m'chiberekero. Uyu akuti ndi matumbo opotana. Mayi wina, Mulungu amukhululukire, anafotokoza za mdzukulu wake amene anayamba chimodzimodzi, inali khansa, anamuika chaka chomwecho. Anafotokoza mpaka mtundu wa bokosi, kwinaku akusankha mabatani. Ndinalakalaka kumutulutsa ndi tsache.

A Telala anasiya kudya. Munthu amene sanalakwitsepo muyeso anadula manja awiri akumanzere a jekete la ukwati. Anafika pokauza adokotala ena za batani lija, kuti mwina linalipo lachiwiri limene silinatuluke. Adokotalawo anaseka, iwo sanaseke. Ankati, "Ndili ndi mmodzi yekhayu. Akapita ameneyu ndisokera ndani?" Ine mawu ondithandiza kuwatonthoza anandithera, ndinkangoti tiyeni tipemphere.

Ndiye m'mawa wina ndikutsegula loko wa saluni, anatulukira opanda mpango kumutu, nsapato zosiyana.

"Asisi, akukanika kutaya madzi. Chiyambire dzulo. Akufa, mwana wanga akufa!"

Tinamunyamula awiri, tinaimitsa galimoto ya munthu wosamudziwa, ulendo ku chipatala chachikulu. Njira yonse Batani ankabuula, thukuta lili kamukamu, mayi ake akumupukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi yawo. Kumeneko anesi anamuika kapaipi, mkodzo unatuluka, mwana anapumako. Kenako kunabwera adokotala achizimayi, aimvi m'mbali, ooneka otopa. Anamugwiragwira pamimba, n'kukhala pampando pafupi ndi mutu wake.

"Mwanawe, ululuwu umabwera nthawi zanji?"

"Mwezi uliwonse, akamapita kumwezi," anatero a Telala.

"Mayi, ndikufunsa mwanayu. Mwanawe, magazi amatuluka ambiri kapena ochepa?"

"Apakatikati. Tinsalu take..."

Adokotala anavula magalasi. "Mayi, tadikirani panja."

"Ine? Ndine mayi ake! Ameneyu sayankhula, ndimamudziwa ndine."

"N'chifukwa chake ndikuti mudikire panja."

Ndinachita kuwakoka ngati mbuzi yokana chingwe. Pakhonde anakana kukhala pabenchi. Ankayenda uku ndi uku akutukwana chapansipansi, kenako mokweza, kuti madokotala a masiku ano alibe ulemu, mwana wamanyazi amusiya yekha, anena zolakwika, amupatsa mankhwala olakwika. Tinaona akumutulutsa pa kabedi ka matayala kupita naye ku sikani, n'kumubwezanso. Patapita nthawi anatiitana.

Adokotala sanazungulire. "Mayi, mwana wanuyu sanayambe wapitapo kumwezi. Ngakhale kamodzi."

"Bodza."

"Thupi lake linayamba kalekale kugwira ntchito yake, koma njira yotulukira magazi ndi yotsekeka chibadwire, pali kachikopa kamene sikanabowoke. Ndiye mwezi uliwonse magazi akhala akudzikundikira m'kati. Chotupa mukuchigwiracho ndi amenewo, ndipo lero afika potsamira chikhodzodzo. Si khansa. Si pathupi. Zimachitika kwa atsikana ena, ndipo tikadziwa kuti mtsikana sanayambe kusamba koma akumva ululu mwezi ndi mwezi, n'chimene timayamba kuyang'ana."

A Telala anatembenukira kubedi. "Nanga tinsalu tija? Ndimationa ndi maso angawa pachingwe."

Batani anayang'ana kukhoma. Mawu ake anali aang'ono, koma m'chipindamo munali zii, tonse tinamva.

"Ndimangotiviika m'madzi n'kuyanika."

"Chifukwa chiyani, iwe?"

"Munali mutauza kale anti akusaluniwa. Munasangalala, munasoka tsiku lonse. Ndinkati mwina mwezi wamawa zibwera, ndiye sizikhalanso zabodza. Kenako ndinaona kuti anzanga onse anayamba, ine ayi. Ndinkaganiza kuti sindine mkazi ngati anzanga. Ndinkaopa kuti mukadziwa muchita nane manyazi."

Mayo ine! Zaka ziwiri mwana akuchapa nsalu zoyera kale, ife akuluakulu tikumuyamikira ukhondo. Ndinamva chisoni chosaneneka, ndi mkwiyo womwe, osadziwa woukwiyira. Safunsa anadya phula, koma apa phulalo anadya ndi mwana.

A Telala anagwira chitsulo cha bedi ndi manja awiri. "Adokotala, achira?"

"Achira. Ndi opaleshoni yaing'ono, tingotsegula njirayo, ndipo tichita lero lomwe."

"Adzabereka?"

Adokotala anavalanso magalasi. "Ambiri amadzabereka bwinobwino. Koma magaziwa akhalamo nthawi yaitali, tiyenera kuona ngati sanawononge kanthu chakumtunda. Zimenezo sindikulonjezani lero."

Masana anabwera kudzamutenga. Anamuveka chovala chobiriwira chomanga kumsana, anamukweza pa kabedi kaja, ife tikutsatira m'mbali. Khonde lake linali lalitali, lonunkha mankhwala okolopera. A Telala ankayenda atagwira phazi la mwana pamwamba pa nsalu, osanena kanthu. Titayandikira chitseko chimene abale saloledwa kudutsa, Batani anadzutsa mutu.

"Amayi, mwakwiya?"

A Telala anatsegula pakamwa. Mawu sanatuluke. Anesi sanadikire, anakankha kabedi, chitseko chinatsekeka. Pamenepo m'pamene mawu anabwera, onse nthawi imodzi. Anamenya chitsekocho ndi zikhatho.

"Sindinakwiye! Mwana wanga, sindinakwiye! Wandimva?"

Mlonda anabwera kudzawauza kuti pano sitikuwa, pali odwala. Ndinawakokera pabenchi. Anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa.

"Asisi, wamva? Chitseko chija n'chochindikala. Mukuganiza kuti wamva asanamugoneke?"

Ndinati wamva. Nanga ndikanati chiyani?