Mpesa wa Mayi Enelesi

Mayi Enelesi a ku Thambani anali ndi mpesa umodzi wokha, woyanga pachisanja kuseri kwa nyumba. Nthambi yake anabwera nayo pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, atayikulunga m'chitenje chonyowa. Anzawo atabwerera kwawo, iwo anatsala n'kulowa mpingo wathu.

Mphesa zake zinali zazing'ono, zakuda, za khungu lopyapyala. Sankaziponda ayi. Ankaika matsango athunthu m'ndowa, n'kumanga chivundikiro ndi mphira wa njinga. Pakatha sabata ankafinya ndi nsalu, madziwo n'kuwasiya awire m'zigubu. Vinyo wake ankatuluka wofiira mopepuka, wonunkhira zipatso, wosaluma pakhosi, koma wosakhalitsa. Akulu a mpingo anamukonda, ndipo ndi amene tinkamwa pa Mgonero.

Tsiku lina mnyamata wa a Timoti, mkulu wa mpingo, anaba chigubu n'kukagwa nacho pamsika ataledzera. Kodi akulu a mpingo anadzudzula wakubayo? Ayi ndithu. Anadula Mayi Enelesi mumpingo pa mlandu wofulula mowa. Chodabwitsa, a Timoti sanasiye kubwera ndi botolo lawo nthawi ya Mgonero ikayandikira.

"Nanga si yemweyu munandidulira?" anafunsa mayiwo.

"Akafika pagome ndi wopatulika," anayankha a Timoti. "Akakhala kwanu kuno ndi mowa."

Choncho kwa zaka zambiri ankakhala pabenchi ya kumbuyo, timakapu tikuwadutsa, fungo la vinyo wawo lomwe likuwapeza. Ife tinkamwa titatseka maso. Zimandiwawa mpaka lero.

Atayamba kudwaladwala, anagwidwa ndi mantha amodzi: kuikidwa m'manda popanda nyimbo, monga amachitira ndi wodulidwa. Anapita kukagwada kwa akulu. Akuluwo anati kulapa kuoneke ndi maso, mpesawo udulidwe. Ine ndinalipo pamene ankaudula, mphesa zili zosapsa. Chikwanje chinkawalemera, koma anakana kulandiridwa ndi mwana wawo Liness. Atamaliza anakhala pachitsa n'kulira ngati aferedwa.

Kenako akulu anati ayambirenso kalasi ya obwerera, aonedwe kaye khalidwe mpaka Pasaka. Mayi wa imvi, wotupa miyendo, ankayenda ndi ndodo kukakhala pakati pa atsikana otenga mimba zapathengo. Sanajombepo. Anamwalira mvula isanathe.

Pamaliro mpingo sunabwere ndi yunifolomu. Amayi ena atayamba nyimbo chapansipansi, a Timoti anakweza dzanja, nyimbo n'kuzima. "Lamulo ndi lamulo, kalasi sanamalize," anatero. Tinawanyamula chete mpaka kumanda, kukumveka mapazi okha.

Pobwerera, tisanasambe n'komwe m'manja, a Timoti anaitanira Liness pambali. Ndinamva ndi makutu angawa.

"Pepa mwanawe. Koma tayang'ana bwino m'chipinda cha amayi akomo ngati sichinatsaleko chigubu. Lamulungu lino tili ndi Mgonero."