Kukafuna Temwa ku Mlowe

Ndinanyamuka pa Bolero Loweruka m'mawa, mashopu ambiri asanatsegule. M'chikwama ndinaikamo zovala zosinthira, mtedza wokazinga ndi buku langa lalikulu la mafunso lomwe chikuto chake chinathothoka kalekale. Ulendo unali wa ku Mlowe, kukaona mnzanga Temwa amene anali atasiya kuyankha mauthenga anga.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma boma linanditumiza ku Bolero kukagwira ntchito ndi magulu a alimi. Temwa ndi wa konkuno ku Rumphi, ndipo amagwira ntchito mu ofesi ya chipatala chaching'ono cha mpingo ku Mlowe. Tinadziwana pa maphunziro ena ku Mzuzu, n'kupeza kuti tonse tikulakalaka chinthu chimodzi: digiri yachiwiri ya zamalonda ku yunivesite ya kunja. Kuti akutenge kumeneko umayenera kulemba mayeso a masamu ndi a kaganizidwe, ndipo nthawi yake ndi yochepa moti ukangoyasamula, funso limodzi lapita. Tinagwirizana zokonzekera limodzi. Tsiku ndi tsiku tinkatumizirana funso pa foni, wina akalakwa mnzake n'kumuseka, kenako n'kumulongosolera. Tinalonjezana kuti tidzalembera limodzi, n'kupitanso limodzi.

Ndiye kwa mwezi wathunthu Temwa anangoti zii. Mauthenga ankaoneka kuti awerengedwa, koma yankho ayi. Ndikamuimbira ankati, "Ndili pa ntchito, Thoko, ndikuimbira," osaimbanso. Ndinakumbukira kuti mayeso oyeserera omaliza sanamuyendere bwino, ndipo ndinatsimikiza kuti mnzanga wataya mtima. Mawu omulimbikitsa ndinali nditawakonza kale. Anali mawu okoma zedi, moti ngakhale ine mwiniwakene ndikawabwereza ankandikhudza.

Minibasi yopita ku Rumphi boma ndinaipeza itaima pafupi ndi msika. Kondakitala anandiuza kuti ndi K3,000 ndipo patsala malo a munthu mmodzi yekha. Pambuyo panga panabwera anthu enanso angapo, aliyense akuuzidwa kuti ndiye womalizayo. Tinanyamuka thumba la chimanga lili pa mapazi anga, tambala wa munthu wina akundiyang'ana ndi diso limodzi ngati ndamulanda mpando. Buku sindinalitulutse, panalibe pomwe ndikanatambasulira chigongono.

Pa boma ndinadya tchipisi cha pachiwaya ndi kabichi, nditaimirira, kwinaku ndikuyang'anira minibasi yolowera ku Karonga kuti isandisiye. Mantha anga anali opanda pake. Inatenga nthawi yaitali kuti idzaze, dalaivala akungoliza injini kuti anthu aziganiza kuti tanyamuka kale. Ulendo uno ndinapeza mpando wa pazenera. Titangowoloka mlatho wa pa Njakwa, pomwe mtsinje umadzipanikiza pakati pa mapiri awiri, ndinatsegula buku.

Pambali panga panakhala bambo wina wachikulire wovala jekete ndi tayi ngakhale kunali kutayamba kutentha. Anandilonjera m'Chitumbuka, atamva momwe ndayankhira anasinthira ku Chichewa mondimvera chisoni. Anati ndi a Nyirenda, anaphunzitsa sukulu mpaka kupuma, ndipo akupita ku msonkhano wa akuluampingo ku Chiweta. Kwa kanthawi anayesetsa kuyang'ana kutsogolo, koma maso awo ankangobwerera pa tsamba langa. Mwadzidzidzi anafuula.

"Ha! Mapaipi! Mwana wanga, mapaipi amenewa akadalipo? Ife tinawasiya akudzaza thanki yomweyi tili anyamata!"

Funso lake linali lakuti paipi imodzi imadzaza thanki m'maola atatu, ina m'maola asanu ndi limodzi. Zikatsegulidwa zonse pamodzi, thanki idzadza m'maola angati? A Nyirenda anatseka maso, milomo ikugwedera, chala chikulemba pa bondo.

"Pa ola limodzi yoyambayo yadzaza gawo limodzi mwa magawo atatu, inayo limodzi mwa asanu ndi limodzi. Mukaphatikiza ndi theka la thanki. Maola awiri!"

Ndinawaonetsa kumapeto kwa buku kuti akhoza, n'kuwauza kuti ndikukonzekera mayeso olowera ku yunivesite. Anakonza tayi yawo monyadira. Mayi wina wa kumbuyo kwathu, amene ananyamula dengu la tomato pamiyendo, anatigwira paphewa.

"Pepani adada, mwati madzi kutuluka maola awiri osasiya? Mpopi umenewo uli kuti, tisamukire komweko?"

Minibasi yonse inaseka, ndipo kuyambira pamenepo buku silinalinso langa ndekha. A Nyirenda anafuna funso lina. Ndinasankha la kaganizidwe, n'kuliwerenga m'Chichewa kuti aliyense amve. Mwini golosale wina anapaka shopu yake utoto wobiriwira, ndipo mwezi womwewo malonda anakwera. Iye akuti utotowo ndi umene wakweza malonda. Ndi mfundo iti imene ingaonetse kuti mwina akulakwitsa?

"Unali mwezi wogulitsa fodya," anatero a Nyirenda. "Nthawi imeneyo ngakhale shopu yosapaka kanthu imagulitsa."

"Kapena anayamba kukongoza," anatero mayi wa tomato. "Ukamakongoza, anthu amabwera ngati nyerere."

Bambo wina wa chipewa cha timu ya mpira, amene anakhala pafupi ndi chitseko, anapukusa mutu. "Nonse mukuzungulira. Munthuyo anapita kwa sing'anga. Utotowo n'chophimbira chabe."

A Nyirenda anatembenuka thupi lonse. "Achimwene, awa ndi mayeso a ku yunivesite. Mulibe asing'anga m'menemo."

Dalaivala anatsitsa wailesi. Anthu anandiuza kuti ndiwerenge zomwe buku likunena. Yankho lake linali lakuti mwezi womwewo shopu yoyandikana nayo inatsekedwa, choncho makasitomala analibe kwina kopita. Kenako wa chipewa uja anaomba m'manja.

"Eya! Nanga inatsekedwa bwanji? Si sing'anga yemwe uja!"

A Nyirenda anayesa kukwiya koma zinawakanika. Anaseka mpaka kuvula magalasi n'kupukuta maso ndi mpango.

Titadutsa Phwezi ndi mgodi wa malasha, pomwe magalimoto akuluakulu amada bii ngati mapoto, msewu unayamba kutsetsereka mokhotakhota. Apa mimba yanga inandilangiza kuti nditseke buku, ndipo ndinamvera. Anyani anakhala m'mbali mwa msewu akutiyang'ana ngati apolisi a pamsewu amene sanalandire yunifolomu. Pa khona ina nyanja inangotulukira pansi pathu, yotambalala, ikuwala ndi dzuwa la masana. Anzanga a m'galimoto sanaicheukire n'komwe. Ine wa ku Ntcheu ndinakanikiza mphuno pa galasi.

Pa Chiweta kunali kotentha ngati wina watsegula chitseko cha uvuni. A Nyirenda anandigwira chanza ndi manja awiri.

"Yewo chomene, mwana wanga. Mwandikumbutsa kalasi. Mukalembe bwino, ndipo mapaipiwo mukawapatse moni."

Ndinagula nthochi, n'kuyamba kukambirana ndi akabaza a njinga zamoto. Woyamba anati K7,000, ndinayankha m'Chitumbuka changa chothyokathyoka, ndipo mwina chifukwa chofuna kuti ndisiye kuchizunza, anatsitsa kufika pa K5,000. Msewu wa ku Mlowe ndi wafumbi, phiri kudzanja lamanja, madzi kudzanja lamanzere. Tinadutsa minda ya chinangwa, timilatho tamatabwa ndi mathandala oyanikapo usipa. Fungo la nsomba linatilandira mudzi usanaoneke. Njira yonse ndinkabwereza mawu anga aja chamumtima, ndikuwagwira mwamphamvu ngati momwe ndinagwirira chitsulo cha kumbuyo kwa njinga.

Temwa ndinamupeza akuchapa kuseri kwa nyumba yake, pafupi ndi chipatala. Atandiona, chitenje chomwe ankafinya chinagwera m'beseni.

"Thoko! Wafika wuli kuno?" anafunsa m'Chitumbuka, akudabwa kuti ndafika bwanji.

Ndinkayembekezera munthu wowonda, wa maso ofiira. Koma Temwa anali wonenepa bwino, tsitsi atangoluka kumene. Ndinaganiza kuti ena chisoni chimawanenepetsa. Anandipatsa madzi akumwa, tinakhala pakhonde, ndipo ndisanapume n'komwe ndinayamba. Ndinamuuza kuti mayeso oyeserera si mayeso enieni. Ndinamukumbutsa mafunso ovuta amene iye ankakhoza ine nditalephera. Ndinati sindilola kuti nzeru ngati zake ziwolere m'kabati. Temwa anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka. Ndinaona kuti mawu anga akugwira ntchito, ndipo ndinawonjezera moto.

"Thoko, leka," anatero, osachotsa manja kumaso. "Leka, chonde. Ndinalemba kale."

"Unalemba chiyani?"

"Mayeso. Enieniwo."

Anafotokoza akuyang'ana pansi. Kuntchito anamutumiza ku msonkhano ku Lilongwe, ndipo atafika anamva kuti kumalo olembera mayeso kuli mpata sabata yomweyo. Anaganiza zongoyesa mwakachetechete kuti aone momwe zimakhalira. Ankadziwa kuti alephera, ndiye panalibe chifukwa chouzira munthu.

"Ndiye unalephera?"

"Yayi. Ndinakhoza. Ndinakhoza chomene, Thoko."

Sindibisa, m'chifuwa mwanga munatentha. Ndinayang'ana nkhuku yomwe inkapalasa pafupi ndi beseni, ndinayang'ana fumbi la pa siketi yanga. Ine ndinali ndisanafike n'komwe pa mlingo womwe sukuluzo zimafuna, ndipo mnzanga amene ndinabwera kudzamudzutsa anali atawoloka kale. Temwa ankandiyang'ana ngati mwana amene waswa mbale ya alendo. Nkhope imeneyo ndi imene inandigonjetsa.

"Ndiye mwezi wonsewu ine ndakhala ndikukupempherera ngati wodwala, iwe uli pano ukunenepa?"

Tinaseka mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pa mpanda. Ndinamukumbatira Temwa, manja ake a thovu akunyowetsa bulauzi yanga.

Tikudya mpunga ndi usipa wofutsa, anatulutsa nkhani yotsala. Sukulu yomwe tinkaifuna inali kutseka kulandira mapempho sabata yomweyo, pamodzi ndi thandizo lolipirira ophunzira ochokera kuno. Temwa anali atakonza zonse pa laputopu, koma sanatumize.

"Ndidikira chaka chamawa," anatero. "Zotsatira zanga sizitha ntchito msanga. Tinagwirizana kuti tipitira limodzi."

Kamtima kena mkati mwanga kanavomera msangamsanga. Kupita ndi mnzako kudziko lachilendo n'kosiyana ndi kupita wekha, ndipo kutsala wekha n'kowawa kuposa zonsezo. Ndinatafuna usipa nthawi yaitali kuposa momwe usipa umafunira.

"Thandizo limenelo lidzakhalaponso chaka chamawa?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye vala nsapato."

Ku Mlowe netiweki yokwanira kutumiza zinthu zolemera imapezeka pa kaphiri kena kuseri kwa sukulu, pamwala pomwe anthu amakaimbira mafoni. Tinakwera dzuwa litapendeka, Temwa atanyamula laputopu pamutu m'chitenje, akudandaula njira yonse kuti mwina awerengenso kalata yake kamodzi. Pamwalapo tinapeza bambo wina akukalipira munthu wa ku Mzuzu pa foni za mtengo wa nsomba. Tinakhala pambali pake. Tsamba linatseguka pang'onopang'ono, kenako linazima, n'kutsegukanso. Chala cha Temwa chinaima m'mwamba.

"Thoko, nadi? Nditumizedi?"

"Ukapanda kudina iwe, ndidina ine."

Anadina. Kachizindikiro kanazungulira, kanazungulira, mbuzi ina inabwera kudzanunkhiza chitenje, ndipo pamapeto pake panatuluka mawu akuti pempho lalandiridwa. Apa ndi pomwe Temwa analira zenizeni. Bambo wa nsomba uja anadula foni yake n'kutifunsa ngati kwagwa zovuta. Titamuuza, anati yewo, yewo, n'kutigwira chanza tonse awiri ngati kuti nayenso wapindula.

Lamulungu titachoka ku tchalitchi, Temwa anandikhazika patebulo, n'kundipatsa mayeso oyeserera athunthu, iye atagwira foni ngati wotchi. Sanandimvere chisoni ngakhale pang'ono. Nditamaliza anati vuto langa si masamu ayi, koma kukakamira. Funso likandivuta ndimalimbana nalo ngati landitukwana, pomwe mafunso osavuta akundidikira kutsogolo. Anandiuza kuti pa mayeso enieni iye anasiya mafunso angapo atangosankha yankho looneka bwino, ndipo dziko silinathe. Zimenezi palibe buku linandiuzapo momveka chotero.

Masana anandiperekeza kokwerera njinga atandimangira kaphukusi ka usipa wouma, komwe kanachititsa kuti m'minibasi ya pa Chiweta aliyense adziwe kumene ndikuchokera. Pokwera mapiri aja ndinkaganiza kuti kulimbikitsa mnzako amene wagwa n'kosavuta, chifukwa iwe umakhala uli chiimire. Chovuta n'kukankha mnzako amene wakupitirira kuti apitirire ndithu. Sindinganene kuti nsanje inatheratu pofika pa Phwezi, koma inali itachepa moti ndinatha kugona.

Ndinafika pa Bolero anthu akutseka mashopu. Lolemba m'mawa ndinalowa mu ofesi ya abwana kukapempha tchuthi cha sabata yomwe ndinasankha kukalemba mayeso ku Lilongwe. Anavomera, kenako anafunsa kuti ndipita ndi ndani.

"Ndekha, bwana," ndinatero.