Ida Anakwecha Ndalama ya Siliva

Mlongo wanga Ida tinamuika chaka chatha ku Bangwe. Pamaliro pake ndinamva amayi awiri akunong'onezana kuti malemuwa anathawa banja chifukwa cha ndalama. Ine ndinali nkhoswe yake, ndipo bodza limeneli sindilola kuti limutsatire kumanda.

Ida anabadwira ku Chiradzulu, chitsirizira m'mimba mwa mayi athu. Anabwera ku Ndirande atakwatiwa ndi a Ambrosi, amene anali mesenjala pa ofesi ina ku Ginnery Corner. Nyumba yawo inali ya zidina, yofolera ndi udzu, chakufupi ndi mtsinje wa Nasolo. Anabereka mwana mmodzi, Joan.

Anthu ankamudziwa Ida ndi mapoto ake. Ankatapa mchenga ku Nasolo, kusakaniza ndi phulusa, n'kumakwecha ndi chitsononkho mpaka poto wa pamoto n'kumaoneka ngati wangochoka kumene m'sitolo. Kukagwa maliro kapena kukakhala ukwati, anthu ankabwereka mapoto kwa make Joan, ndipo wobweza poto ali ndi mwaye ankamva mawu. Masana ankagulitsa thobwa pazipata za mafakitale ku Makata. Phindu lake ankasunga kuti adzagule malata, chifukwa denga lawo linali litatopa.

Chaka chimene dziko linakwanitsa zaka khumi chilandirire ufulu, kunatuluka ndalama zasiliva zatsopano za chikumbutso. Sizinali zogulira mchere ayi. Zinkabwera m'kabokosi koyala nsalu yofewa mkati, ndipo unkazigula ngati katundu. Kalaliki wina wa ku ofesi kwa a Ambrosi, dzina lake Hawkins, anayamba malonda ogula ndi kugulitsa ndalamazi. Ankauza anthu kuti azungu akunja akuzilimbirana, mtengo wake ukukwera mwezi ndi mwezi. Sindimunamizira, unkakweradi.

A Ambrosi anatenga ndalama za malata zija osamufunsa Ida, n'kukagula imodzi. Ida atadzandidandaulira, ndinapita kukalankhula nawo. Anandiseka.

"Alamu, malata amachita dzimbiri," anatero. "Iyi imaswana ili gone."

Kuyambira pamenepo m'nyumba muja munalowa mkazi wachiwiri, wa m'kabokosi. Mwezi ukatha a Ambrosi ankabwera ndi mtengo watsopano wochokera kwa Hawkins, n'kumaulengeza pakhonde kuti oyandikana nawo amve. Loweruka ankapita nayo ku bawo, kuitulutsa m'kabokosi, n'kumaiyendetsa m'manja mwa anzawo, manja a mafuta a kanyenya. Anzawowo anawapatsa dzina loti Bwana Siliva, n'kumawafunsa ngati ndalamayo imatchinga mvula. Hawkins anali atawachenjeza kuti ndalama yotere siigwiridwa ndi zala ndipo siitsukidwa. Iwo chenjezoli sanalisamale, komanso sanamuuze mkazi wawo. Ankati zimenezi si za amayi a thobwa.

Dzinja linafika, denga n'kuyamba kudontha monga Ida ananenera. Kabokosi kaja a Ambrosi ankakabisa pamwamba pa khoma, pansi penipeni pa udzu. Tsiku lina Ida akusuntha katundu kuthawitsa madontho, anakapeza katanyowa, nsalu ya mkati itachita chuku, ndalama itada ngati kunsi kwa ketulo. Anaimva chisoni, ngakhale inali itamudyera malata ake. Anaganiza zowasangalatsa amuna ake. Anatenga mchenga, phulusa ndi ndimu, n'kuikwecha mbali zonse ziwiri ndi mphamvu zimene ankakwechera mapoto. Itawala anaiika patebulo, pa kansalu koyera, kuti bambo a Joan akaweruka aione.

M'mawa mwake a Ambrosi anathamangira nayo kwa Hawkins. Iye anaiyang'ana ndi kagalasi kake, n'kunena kuti tsopano changotsala chitsulo, wogula aliyense aikana. Kenako anaitembenuza, n'kuona kuti mchenga wakalakala nkhope ya mtsogoleri wa dziko imene inali mbali inayo. Anaibweza msangamsanga, nati iye ndalama imeneyi sanaionepo, ndipo asadzabwere nayonso pa desiki pake.

Madzulo a tsiku lomwelo Ida anafika kwathu ku Chilomoni ali ndi Joan, atapitikitsidwa.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi tinakhala pansi m'nyumba ya ku Ndirande ija. Kuchimuna nkhoswe anali a Venansio, akulu awo a Ambrosi, munthu wofatsa. A Ambrosi analankhula nthawi yaitali. Anati mkaziyu ndi mbuli, wawononga chuma cha banja, ndipo anatchula mtengo umene ndalamayo ikanafika pa Khirisimasi. Nditapatsidwa mpata ndinawafunsa kuti chuma chimenecho anagulira ndalama za yani. Ndinawafunsanso kuti madzi amene anadetsa ndalamayo analowera pati. A Venansio anayang'ana kudenga, pamene panali kuonekera dzuwa. Ndinafunsanso a Ambrosi ngati anamuuzapo Ida kuti chinthucho sachitsuka. Anati mkazi wanzeru akanadziwa yekha. Ida anayankha motsitsa kuti chibadwire sanaonepo chinthu chimene chimaipa chikatsukidwa.

Munthu akasowa poponda ndi pamene umamudziwa. A Ambrosi anaimirira n'kumuloza Ida ndi chala.

"Iweyo wakala nkhope ya mtsogoleri. Ndikangopita kwa apampando a chipani, tione ngati ugone m'Blantyre muno."

A Venansio anadzuka n'kukatseka windo. Achinyamata a lero sangamvetse. Masiku amenewo munthu ankatengedwa chifukwa cha mawu amodzi olankhula ku mowa, abale ake osadziwa kumene wapita. Makoma a ku Ndirande ndi opyapyala, ndipo kuseri kwake kunali anthu. Mwamuna ameneyu ankadziwa bwino chimene ananena, ndipo anachinena kwa mayi wa mwana wake, chifukwa cha kachitsulo kokwana m'chikhatho.

Ida sanalire. Anawayang'ana kwa kanthawi.

"Bambo a Joan, mwati mukandinenera?"

A Venansio anayesa kuzimitsa moto, amvekere wangopsa mtima mng'ono wangayu, mlamu musazitengere. Ida analowa kuchipinda, anamanga zovala zake ndi za mwana m'chitenje, kenako anapita kukhitchini n'kuyamba kulowetsa mapoto ake wina mkati mwa mnzake.

"Achimwene, ndinyamulireni poto wamkuluyu," anandiuza.

Ntchito ya nkhoswe ndi kumanga banja, ndipo mabanja ndamanga ambiri. Tsiku limenelo ndinanyamula poto.

A Ambrosi kwa apampando sanapiteko. Anazindikira kuti ndalamayo inali yawo, yosungidwa m'nyumba mwawo, ndipo iwonso akanafunsidwa. Kuigulitsa sakanatha, kuionetsa munthu sakanayerekeza. A Venansio anadzandiuza kuti pamapeto pake anaiponya m'chimbudzi. Koma mtengo wa zinzake unapitirira kukwera, ndipo bambo uja sanasiye kukafunsa kwa Hawkins mwezi ukatha, n'kumabwerera ku bawo kukadandaula kuti mkazi anamusaukitsa. Bodza limene ndinalimva pamaliro linachokera kumeneko.

A Ambrosi anatumiza a Venansio kangapo kudzapepesa. Ida anati za malata anakhululuka kalekale, za kupitikitsidwa angakhululukenso, koma sangagone nyumba imodzi ndi munthu amene mawu aja ali nawo m'kamwa, kudikira tsiku lina lokwiya.

Anapeza malo ku Bangwe, m'munsi mwa phiri, n'kuyamba kugulitsa thobwa mu msika wa Limbe. Zinamutengera zaka, koma nyumba yake anaifolera ndi malata, ndipo Joan anakulira m'nyumba yosadontha. Sanakwatiwenso. Za a Ambrosi sindinamumvepo akuwatukwana, ndipo atamwalira iwowo anatumiza mapoto ake ku Ndirande kuti akaphikire anamfedwa.

Pamaliro a Ida mwini wake anaphikiranso mapoto omwewo. Amayi awiri onong'onezana aja anadya za m'mapoto amenewo, ndipo sindinawaone akutsala kuti atsuke.