Fundi Wosaka Mauthenga Osochera

Ine mawu anga sanafunepo chimkuzamawu. Ndikaima pa doko lathu, tsidya la kum'mawa kwa nyanja kuno ku Mangochi, n'kufuula kuti mwera ukubwera, ngakhale mlovi, msodzi waganyu uja, amene ali kale pamadzi ankatembenuza bwato. Funsani aliyense. Maliro, mtengo wa usipa, tsiku lotseka nyanja, mwana wosowa, zonse zinkadutsa pakhosi panga. Komiti ya asodzi inandipatsa ntchito imeneyi ndili ndi mano onse.

Kenako kunabwera za mafoni. Bungwe lina la ku tauni linati uthenga uzipita m'mafoni, ndipo poti ambirife kuwerenga n'kwapang'ono, uzikhala wamawu: foni ilire, munthu amvere. Anafuna munthu woti amujambule mawu. Ine ndinachapitsa mkanjo wanga. Koma anasankha alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba kwanga, munthu woti akamalankhula umachita kuwerama ngati ukumvera udzudzu. Akuti mawu anga amang'amba foni. Amang'amba!

Chomwe chinandiziziritsa mtima n'chakuti mauthengawo ankasochera. Wina alandira, wina ayi, wina amva za mwera mphepo itadutsa kale. Ndiye komiti inati ndizifuulabe mpaka zinthu zitalongosoka. Zikalongosoka, ndipume. Sindinganene kuti ndinkapempherera zisalongosoke, Mulungu akundiona, koma mlovi akabwera kudzadandaula kuti foni yake sinalire, tiyi wa tsiku limenelo ankandikomera.

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku bungwe lomwelo. Tsiku lina la Ijumaa titatuluka mu mzikiti, anafika pa shedi ya komiti ndi laputopu. Anatifotokozera kuti uthenga usanafike mufoni umadutsa m'makompyuta aakulu akutali, ndipo m'menemo ndi momwe umakodwa. Kusaka pomwe wakodwa inali ntchito yake, yomudyera masiku. Tsopano anali ndi fundi, katswiri womuthandiza. Osati munthu ayi, chinthu cha m'kompyuta chanzeru zochita kupangidwa.

"Tamuphunzitsa kasakidwe kake, Baba," anatero, "koma sitinamukhulupirire. Ndabwera kuti timuyese pamaso panu. Akakhoza, ayamba ntchito. Akalephera, abwerera kokaphunzira."

"Akabwerera, atha nthawi yaitali bwanji kumeneko?"

"Mwina mpaka mvula."

Ndinakoka mpando n'kukhala kutsogolo kwenikweni. Alamu anakhala pambali, manja pamaondo, kofiya yoyera mbee.

Mwanayo anayamba ndi misampha yake. Anali atawononga zinthu dala, osati pa mauthenga enieni, koma pa oyeserera. Amalemba dandaulo, fundi n'kuyankha, iye n'kutiwerengera. Pena anali atachotsa nambala imodzi pa foni ya munthu. Fundi anapeza. Pena uthenga umodzi wowonongeka unali utatseka njira, ena onse ali pamzere kumbuyo kwake ngati mabwato pa khomo lopapatiza la mtsinje. Anapezanso, ndipo sanauchotse yekha, anayamba wapempha chilolezo. Mwana wanga anamwetulira. Kumwetulira kumeneko ndinkakudziwa. Ali wamng'ono ankandimwetulira choncho ndikamunyamula paphewa kupita naye ku doko, anthu akupatuka kundipatsa njira.

"Zimenezo n'zosewera," ndinatero. "Mwabisa nokha, mwapeza nokha. Mupatseni za anthu."

"Mubweretse, Baba."

Ndinali nazo. Ndinaitana mayi wina wogula usipa amene ankaumitsa nsomba pathandala chapafupi. Foni yake masiku ena inkalira, masiku ena zii. Chifukwa chake ine ndinkachidziwa, koma ndinatseka pakamwa, ndipo ndinamuyang'ana mayiyo kuti nayenso asaonjezere kanthu.

Fundi sanathamange. Anafunsa ngati masiku osalirawo amakhala omwewo sabata iliyonse. Mayiyo anavomera. Anafunsanso kuti foni imakhala kuti masiku amenewo.

"M'chitenje mwangamu, ikakhalanso kuti?" anatero mayiyo, anthu n'kuseka. Inenso ndinaseka, mokweza kuposa onse.

Koma chinthucho sichichita manyazi. Chinangofunsanso kuti nanga mwini chitenje amakhala kuti. Basi, zinathera pomwepo. Mayiyo masiku amenewo amapita ku Chiponde ndi madengu ake n'kuwolokera tsidya la Mozambiki, foni n'kugwira netiweki ya kumeneko. Fundi anati uthenga wotero usamatayidwe, uzidikira mwini wake abwerere. Wapampando wa komiti anaomba m'manja. Alamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati mwana wokhozayo ndi wawo.

Ndinatulutsa nkhani ya pansi pa thumba. Panali boti lina la khoka la chilimila lomwe alovi ake sanamvepo uthenga ngakhale umodzi, ndipo tsiku lina anakumana ndi mwera pakati, kubwerako ndi Mulungu. Mwana wanga analemba. Tinadikira. Kenako anawerenga yankho:

"Uthenga ukuchoka bwino, ukufika mufoni, ndipo ukumveredwa mpaka kumapeto. Kuno kwanga sindikuona chowonongeka. Chifukwa chomwe alovi sakuumvera sindikuchidziwa. Musasinthe kanthu. Funsani amene amasunga foniyo."

Ndinaimirira, mpando n'kugwa. "Walephera! Mwamva nonse? Wanena yekha kuti sakudziwa! Lemba, iwe, lemba kuti walephera!" Mawu anga anaimitsa ngakhale amayi a pathandala.

Mwana wanga anadikira ndithe. "Baba, apa ndi pomwe ndimafunitsitsa kuona. Fundi woyamba amene tinamuyesa ku ofesi akasowa yankho ankapeka. Ankanena molimba mtima kuti vuto ndi ili, n'kuyamba kutumiza uthenga womwewo kwa aliyense mobwerezabwereza. Uyu waima pomwe maso ake athera. Pamenepa ndimupatsa malikisi ambiri kuposa pena ponse."

Malikisi chifukwa chosadziwa! Ine kusukulu ndinachokako msanga chifukwa cha chimenechi, ndipo sanandipatse malikisi, anandipatsa ndodo.

Ndisanapeze poyambira, kunamveka kaphokoso kaja ka udzudzu. Alamu. Anthu onse anawerama.

"Foni ya boti limenelo," anatero alamu, "ili ndi mwini boti, ku Monkey Bay. Analembetsa nambala yake, osati ya siginala wake, wotsogolera alovi pamadzi. Za mwera amamva yekha. Akawauza alovi, akana kulowa m'madzi."

Kenako aliyense, "Zoona, zoona, mashallah, akulu anena." Nkhani imene ine ndinaidziwa kalekale! Ndine amene ndinawauza alamuwo, pakhonde panga, akumwa tiyi wanga. Komiti inagamula pomwepo kuti boti lililonse lilembetse nambala ya munthu amene amalowadi m'madzi, ndipo anathokoza alamu, ndi fundi.

Wapampando anati aliyense anene chomwe waona cholakwika. Ena analibe. Ine ndinali nazo. Ndinati choyamba, chinthuchi sichipereka moni. Chafika pakati pa akuluakulu, salamu yomwe ayi. Anthu anaseka. Ndinati chachiwiri, chimazungulira. Mwera sudikira munthu amalize ndime. Chiziyamba ndi yankho, zofotokoza pambuyo. Apa mwana wanga sanaseke. Analemba, n'kunena kuti, "Ichi ndi choona, Baba, tikakonza." Ndinayembekeza kuti mwina chokhachi chimubweza kokaphunzira mpaka mvula. Ayi. Akuti n'chokonza madzulo amodzi.

Wapampando atafunsa ofuna kuti fundi ayambe ntchito, onse anakweza manja. Langa linatsala pabondo.

Pasanapite nthawi mafoni anayamba kulira onse pamodzi. M'mawa wina nditaona mitambo ndinapita pa doko, ndinadzaza chifuwa, ndisanatsegule pakamwa m'matumba a alovi monse munamveka alamu akunong'ona za mwera. Mlovi wina anandiyang'ana mwaulemu ndithu. "Tamva kale, ambuje. Pumulani." Ndinabwerera kunyumba.

Foni yanga ndinakana kuilembetsa. Koma mayi a kunyumba analembetsa yawo, ndipo amaikweza mpaka pamapeto, ati amve bwino achimwene awo. M'nyumba yomanga ine.

Mwana wanga atabwera pa Idi ndinamukokera kuseri kwa khitchini. "Iwe, kodi sungakonze kuti foni ya amakoyi yokha uthenga uzisochera? Imodzi yokha. Palibe angadziwe."

Anaseka mpaka kugwira khoma. "Baba, Amayi akangodandaula, fundi apeza nthawi yomweyo kuti nambala yawo yachotsedwa, ndiponso kuti wachotsa ndine. Ndiye Amayi akandifunsa wandituma ndani, ndidzati chiyani?"

Ndinamuuza kuti aiwale, akatenge mpunga wake usanazizire.