Mbatata za Eni Ake a Pulogalamu

Makomputadolo asanu ndi imodzi aja anafika pasukulu pathu ali pangolo ya ng'ombe, chifukwa galimoto ya ku distiritu inatitimira m'matope kutsidya kwa mtsinje. Anali akale, otha ntchito m'maofesi a ku Tsangano, ndipo imodzi inali ndi banga la khofi limene silinachoke mpaka lero. Koma kwathu kuno, kufupi ndi Ntengo-Wambalame, mwana ankafika kalasi ya sesita, yachisanu ndi chimodzi, akungoidziwira komputadolo pachithunzi cha m'buku. Mudzi wonse unabwera kudzaona akutsitsa.

Ine ndinali pulofesola, ndiye kuti mphunzitsi, wa sesita, ndipo ndineneretu kuti ndili ndi mtima wapachala. Amayi anga ankati ndinabadwa ndikuyankha. A diretolo athu, akulu a sukuluyo, anali osiyana nane kutalitali. Anali munthu wofatsa, wopemphera, koma pepala ankaliopa kuposa njoka. Kwa iwo, chinthu chopanda pepala lodindidwa kalimbo, chidindo chija, chinali chisanachitike, ngakhale chitachitikira pamaso pawo.

Tsiku loyamba tinalumikiza makinawo ku sola ya padenga n'kuyatsa. Pagalasi panatuluka mawu akuti pulogalamu yoyendetsa makinawo si yovomerezeka, tiike lisensa, chilolezo cha eni ake. A diretolo anawerenga kawiri. Kenako anazula chingwe, anafunditsa makina onse nsalu, anatseka chipinda, ndipo mfungulo anaukoloweka m'khosi pamodzi ndi korona yawo yopempherera.

"Kolega," anatero kwa ine, monga ankaitanira aphunzitsi anzawo, "ndatsala pang'ono kupuma pantchito. Sindikufuna kukapumira kundende."

Vuto linali lakuti a ku distiritu ananena mosapita m'mbali kuti pakutha pa tirimesitere, teremu ya miyezi itatu ija, adzabwera kudzaona. Akadzapeza makinawo akungogona, adzawanyamula n'kupita nawo kusukulu ina. Ana anga a m'kalasi makumi asanu ankasuzumira pazenera tsiku lililonse n'kumaona nsalu.

Mwezi womwewo anatiitana ku Tsangano kumaphunziro a aphunzitsi. Mayi amene ankatiphunzitsa anatiuza za pulogalamu ina yoyendetsa makina, yolembedwa ndi anthu ambirimbiri a m'mayiko osiyanasiyana, imene aliyense angathe kuitenga, kuigwiritsa ntchito, kuisintha ndi kugawira ena popanda kugula. Anatiikira aliyense pa fulashi, kachipangizo kaja kofanana ndi chala. Ndinabwerera kumudzi ndikuyenda ngati ndanyamula mvula m'thumba.

Loweruka ndinapempha mfungulo, amvekere ndikufuna kukasesa fumbi. Ndinaika pulogalamuyo m'makina onse. Pakatuluka mawu ambirimbiri ofuna kuti ndivomereze, ndinkangodinda pa Aceito, kutanthauza kuti ndavomera, osawerenga, monga momwe timachitira tonse. Lolemba ndinaitana a diretolo. Mawu oopsa aja kunalibe. Munali polembera, masewera a masamu, ngakhale mapu a dziko. Ine ndinaima pambali ndikudikira kuyamikiridwa.

"Munagula kuti?" anafunsa.

"Sindinagule, senyolo diretolo. Anatipatsa kumaphunziro."

"Nanga amene anakupatsaniwo anagula kuti?"

"Sagula. Ndi yaulere."

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Kolega, poyamba tinali ndi zakuba zodziulula zokha. Tsopano mwatibweretsera zakuba zokhala chete."

Zimene ndinayankha sindizilemba pano, chifukwa ana anga amawerenga. Chipinda chinatsekedwanso, ndipo nkhaniyo anaitumiza ku konselyu, bungwe la makolo loyang'anira sukulu.

A pulezidenti a konselyu anali bambo wachikulire, mlimi wa mbatata ya kachewere, amene nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi n'kubwerera mtendere utabwera. Ankavala jekete kaya kuzizire kaya kutenthe, ndipo ankalankhula pang'onopang'ono moti munthu ukanatha kukatunga madzi n'kubwera iwo ali pachiganizo chomwecho. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, ndiyeno anayamba kufunsa.

"A pulofesola, chinthuchi mwini wake ndani?"

"Chilibe mwini mmodzi, bambo. Anachipanga anthu ambiri."

"Anthu amenewo amadya chiyani?"

"Ali ndi ntchito zawo. Ambiri izi amachita mwa kufuna kwawo, akaweruka."

"Ndiye kuti munthu watopa kumunda kwake, n'kubwera kudzalima kumunda kwathu?"

"Tinganene choncho."

"Inu n'kungotenga, osawomba m'manja n'komwe?"

Mayi wina kumbuyo anati, "Ana a masiku ano." Ine apo n'kuti ndili ndi ana anga atatu obereka ndekha.

Konselyu inagamula kuti si kuba, ndipo ndinapuma. Koma inagamulanso kuti ndi mwano, ndipo kupuma kwanga kunathera pomwepo. Kwathu munthu amene wakuthandiza kumunda sabwerera kwawo chimanjamanja, ndipo sudya za m'mundamo usanamuthokoze. Choncho chipinda sichitsegulidwa mpaka zothokoza zitafika kwa eni ake. Banja lililonse libweretse ndowa ya mbatata. A diretolo anasangalala kwambiri, chifukwa pamenepa panali polemba kalata. Analemba m'Chipwitikizi chapamwamba, anadinda kalimbo, n'kusiya mpata pamwamba kuti ine ndilembepo keyala ya eni ake.

Ndinayesa kufotokoza kuti anthuwo ali padziko lonse ndipo sadziwana n'komwe. A pulezidenti anati, "Ngakhale maliro ali ndi mwini wake, a pulofesola. Funsani bwino."

Mbatata zinayamba kubwera. Anthu a kwathu akati athokoze sachita zamasewera, ndipo aliyense ankasankha zikuluzikulu kuti azungu ndi amwenye ndi ena onsewo asatiseke. Ena anawonjezera nyemba. Agogo ena anabwera ndi tambala womangidwa miyendo, ndipo ndinachita kuwagwadira kuti abwerere naye. Tinathira mbatata m'matumba, ndiye funso linali la kosungira. Pasukulu ponse chipinda chokhala ndi loko wodalirika chinali chimodzi chokha. Motero matumba a mbatata analowa m'chipinda cha makomputadolo, ana anga ali panja akuonerera.

Masabata anayamba kutha. M'mawa uliwonse ndinkamva belu la njinga ya a pulezidenti, kenako mawu aja: "Keyala ija, a pulofesola?" Tsiku lina ndinakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, pamene foni imagwira, n'kuimbira mayi wotiphunzitsa uja. Nditamufotokozera kuti ndili ndi matumba a mbatata ofuna kupita kwa olemba pulogalamu, anaseka mpaka kutsokomola. Anaitana anzake a mu ofesi kuti ndibwerezenso nawo amve. Foni isanaduke ndinangomva mawu awiri: "Werengani lisensa."

Ndinatsika pachulupo ndikulira ndi mkwiyo. Kunali kutatsala masabata awiri kuti a ku distiritu abwere, ndipo ndinkadziwa kuti makinawo akachoka sadzabweranso. Ana anali atasiya kufunsa kuti tilowa liti, ndipo kusiya kufunsako kunandipweteka kuposa kufunsa.

Masana omwewo ndinapempha mfungulo. A diretolo anatsegula okha n'kuima pakhomo ngati mlonda. M'chipindamo munkanunkha nkhokwe. Ndinakhala pathumba la mbatata, ndinayatsa makina amodzi, n'kufufuza mawu aja amene ndinawavomereza kasanu ndi kamodzi osawawerenga. Anali ataliatali, olembedwa ndi anthu okonda milandu, koma ndinalimba nawo mpaka ndinapeza mnofu wake. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadya lokwanira.

Mawa lake ndinaitanitsa konselyu. Sindinkayembekezera zambiri, ndinkangofuna kuti pasadzakhale wonena kuti sindinayese. Ndinawamasulira m'Chichewa kuti pepala la eni ake likuti: tengani, gwiritsani ntchito, sinthani ngati mukufuna, patsani ena. Koma amene mwamupatsayo mumupatse ndi ufulu womwewo umene inu munalandira, musamutsekere.

A pulezidenti anati ndibwereze mawu omalizawo. Ndinabwereza. 

"Titabwerako ku Malawi," anayamba a pulezidenti, "ndinapeza nyumba kulibe, munda wasanduka tchire. Ndinali ndi khasu ndi ana anayi, mbewu ndinalibe. Kumtunda uko kunali mayi wina wamasiye amene nkhondo yonse anaithera momwe muno, kubisala m'mapiri. Sanali m'bale wanga. Anandiitana n'kundipatsa dengu la mbatata zambewu. Ndinamuuza kuti ndikakolola ndidzabweza awiri. Iye anakana. Anati, musabweze kwa ine, akubwera ena m'mbuyo mwanumu."

Anakonza jekete lawo. "Ndinakolola, n'kupatsa mabanja atatu. Iwonso anapatsa ena. Mayiyo anamwalira chaka chachiwiri, sanadyeko ngakhale imodzi ya m'munda mwanga. Mbatata zimene mwaunjika m'chipindamo, zambiri ndi zidzukulu za dengu limenelo."

Ndiyeno anatembenukira kwa ine. "A pulofesola, mukanangonena tsiku loyamba lija kuti chinthuchi ndi mbewu, bwenzi tisanavutike chonchi."

Yankho linafika pakamwa, lotentha bwino. Ndinalimeza. Amayi anga akanakhalapo akanaitana anthu kudzaona.

A pulezidenti sanathere pomwepo. Anayang'ana a diretolo n'kunena mofatsa kuti, "Mbewu satsekera, a diretolo. Pepala lanena. Ndiye amene akulakwira pepala pano ndi amene ali ndi mfungulo m'khosi."

Kunena zoona, pepalalo silinena chilichonse za zitseko ndi maloko. Limanena za pulogalamu. Ine ndinkadziwa zimenezo bwinobwino, ndipo ndinayang'ana kudenga n'kuyamba kuwerenga malata.

A diretolo anagwira mfungulo wa m'khosi uja. Moyo wawo wonse anali asanakhalepo mbali yolakwira pepala. Anandifunsa motsitsa mawu ngati lisensayo ili ndi kalimbo. Ndinati ilibe. Anaganiza pang'ono, kenako anandiuza kuti ndikopere mawuwo pamanja m'kaderno, buku lolembamo la sukulu. Nditamaliza anawerenga, anatulutsa kalimbo wawo, anauzira mpweya n'kudinda okha. Atatero anavula chingwe m'khosi, anamasula mfungulo pa korona n'kundipatsa.

Titatsegula mazenera kuti muwale, tinaona zimene mdima ndi kutentha kwa malata zinachita. Mbatata zonse zinali zitaphuka. Timphukira toyera tinali titaboola matumba, tina tikulunjika kumene kuli makina ngati nato tikufuna kuphunzira. Sizikanagulika pamsika, ndipo zodya zinali zitapitirira. A pulezidenti anatola imodzi, anaitembenuza, n'kunena kuti yafika pabwino pobzala.

Ana analowa tsiku lomwelo, asanu ndi atatu pamakina amodzi, ena atakhala pamatumba. A ku distiritu atabwera anapeza phokoso lokhalokha, mwana aliyense akulimbirana kulemba dzina lake. Anafunsa za matumbawo. A diretolo anawaonetsa kaderno yodindidwa ija, ndipo alendowo anagwedeza mitu n'kupita osanyamula kanthu.

Panatsala nkhani ya kopereka. Ndinakumbukira mnzanga amene tinali limodzi kumaphunziro a uphunzitsi, yemwe ankaphunzitsa ku Chidzolomondo, ku Macanga. Anandiuzapo kuti kwawo kuli makina awiri ofunditsidwa nsalu pa chifukwa chonga chathu. Patchuthi tinakwera lole ya ogula fodya, ine ndi a pulezidenti ndi matumba athu. Fulashi anakana kuti ndinyamule ine. Anaikulunga m'kampango n'kuiika m'thumba lamkati la jekete, ndipo paliponse pamene lole yagwa m'dzenje ankagwira pachifuwa.

Kumeneko ndi kwa chimanga ndi fodya, ndiye anthu anadabwa kuona alendo atabwera ndi mbatata zophuka ngati mphatso. Ndinaika pulogalamu m'makina awiriwo, ulendo uno ndikuwerenga ndisanadinde. Itayaka, a diretolo a kumeneko, bambo wamtali waulemu, anatulutsa cholembera ndi pepala.

"Tithokoze ndani?" anafunsa. "Ndipo tibweze chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za anthu a m'mayiko osiyanasiyana, koma a pulezidenti anandigwira mkono. Anavula chipewa.

"Musabweze kwa ife," anatero. "Akubwera ena m'mbuyo mwanumu."

Ine, amene ndinakhala mwezi wathunthu ndikuwatukwana mumtima bambo amenewa, ndinawakonda kwambiri nthawi imeneyo. Anavalanso chipewa, anapempha madzi akumwa, n'kupita panja kukawaonetsa anthuwo katalikiridwe ka mizere yobzala mbatata.