Alamu anga ndi chinaka cha kudambo

Lero pa Jenda ndaona mayi wina akugulitsa chinaka, chija kwathu ku Kasungu timati chikande, ndipo ndinangoti kakasi mpaka minibasi inandisiya. Alamu anga NyaShaba, chaka chakwana chichokereni inu. Ndinu amene munandikokera ku sukulu ya kwacha ku Champhira ndili mtengwa wachilendo, wosadziwana ndi munthu. Sindiiwala tsiku lija alangizi anatitengera kudambo kukationetsa kuti chinaka chikutha chifukwa timakumba ndi chaching'ono chomwe. Iwo akulankhula, ine ndinali nditatukula kale khasu pa kachomera kena ka maluwa ofiirira. Munandigwira mkono n'kunena kuti, "Ndapota mulamu, aka kalekeni kabereke. Mukakazula lero, mbwenu adzukulu athu adzangomva mbiri." Kenako munagwada n'kumakaunjikira dothi ndi manja, uku mukukapepesa ngati mwana wakhanda. Gulu lonse linafa nako kuseka, inu osatekeseka.

Ku sukulu kuja timakumanabe Lachinayi lililonse, ndipo mbali ya dambo imene tinagwirizana kuti isamalimidwe ija ilipobe. Kungoti njira yonse yopita ku sukulu ija ndimayenda ndekha, popanda wondilankhula. Sabata yatha alangizi anabweretsa udzu wina wosowa n'kufunsa dzina lake m'Chitumbuka. Ine ndinatembenukira kumanzere kuti mundinong'oneze monga kale. Pamalo panu panalibe munthu, ndipo m'kalasi monse palibe amene anayankha. Dzinalo munapita nalo, alamu. Ndakusowani chomene. Mulungu akusungeni komweko mpaka tidzaonane.