Bambo Fidelis ndi Malata a Patson

Chaka chimene dziko linalandira ufulu, aliyense wa ku Wusakile, komboni ya anthu ogwira ntchito mumgodi, amene ankatha kulemba dzina lake osatulutsa lilime ankadziona ali kale mu ofesi. Azungu ankapakira katundu, mipando inkatsala yopanda eni, ndipo kopa wokumbidwa m'migodi ankayenda malonda kwabasi.

A Amosi Sakala, amene anachokera ku Chadiza n'kukalamba akugwira ntchito pansi pa mgodi, anali ndi mwana wanzeru dzina lake Fidelis. Atamaliza sukulu, Fidelis anauza atate ake kuti akulowa chipani.

"Waganiza bwino," anatero a Amosi. "Masiku ano ntchito zabwino zili kuchipani. Khadi wagula?"

"Si cha ndale, atate. Ndi chipani cha ansembe, aja ovala mkanjo ndi chingwe m'chiuno. Ndikalumbira kusakwatira, kumvera ndi umphawi."

A Amosi anaitana akazi awo. "Anasitazia, tabwerani mumve mwana wanu. Umphawi uli m'nyumba muno waulere, iye akuti akauphunzire kwa azungu."

Anakauphunziradi. Tsiku limene anadzozedwa unsembe amayi ake analulutira mpaka mawu kusasa. Atate ake anangofunsa ngati tsopano nawonso azimutchula kuti Bambo.

Akulu a chipani anamutumiza ku Kabushi, mu Ndola. Akhristu a kumeneko anali atapempherera nthawi yaitali kuti Mulungu awapatse wansembe wachikuda, ndipo atawayankha anadandaula. Wansembe mzungu ankabwera ndi mthuthuthu, mkaka waufa ndi zovala zogawa. Uyu anabwera ndi njinga ndi sutikesi yomanga ndi mphira. Loweruka, pa nthawi yolapa, mzere wonse unkapita kwa wansembe wokalamba wachizungu amene makutu anali atayamba kugontha. Bambo Fidelis, amene ankamva Chinyanja, Chibemba ndi Chinsenga chomwe, ankakhala okha n'kumaponda mphemvu. Koma pakagwa maliro, kapena munthu akadwala mwakayakaya kutsidya kwa ngalande zamatope, anthu ankakumbukira msanga kuti ali ndi wansembe wawowawo. Iwo ankakwera njinga osanyinyirika.

Tchalitchi cha ku Kabushi chinkadontha. Nthawi ya dzinja anthu ankapemphera atafunda mapepala apulasitiki.

Tsiku lina panaima galimoto yoyera, munatuluka Patson Njovu, mnzawo wa Bambo Fidelis wa ku pulaimale. Kale ankakopera masamu kwa iwo. Tsopano anali bwana pa kampani ina yogulitsa zitsulo kumigodi, ndipo mimba inkayamba kulowa pakhomo mwiniwake akali panja.

"Fide, mwana wakwathu," anatero Patson, "denga ili likuchititsa Mulungu manyazi. Malata ndigula ine. Iwe ungondidalitsira ukwati. Mtsikanayo ndi Rosemary, amataipa ku ofesi kwathu."

"Nanga a Leya?" anafunsa Bambo Fidelis. "Paja paukwati wanu ndinatumikira paguwa ndine."

"Leya ndi munthu wabwino, koma foloko amaigwira ngati khasu. Kumaphwando a kampani ndingapite naye?"

"Muwagulire supuni. Ukwati wachiwiri sindidalitsa, akazi anu ali moyo."

Patson anaseka, kenaka anaona kuti akuseka yekha. Anatuluka, chitseko cha galimoto chinamveka mpaka kumsika.

Mawa lake kunabwera akuluakulu a mpingo, atavala majekete, zipewa zili m'manja. Wapampando wawo, a Obadiah Mvula, anayamba ndi pemphero lalitali kenaka anafika pamfundo.

"Bambo, ife malamulo a mpingo timawalemekeza. Koma Mulungu ndi wachifundo, mvula ilibe chifundo. Simungatseke diso limodzi?"

"Limodzi lomwelo ndinalumbira nalo," anayankha Bambo Fidelis.

Akuluakuluwo sanakwiye, poti anali Akhristu. Anangopita kwa mkulu wa chipani kukanena, ndi mtima wosweka, kuti ulaliki wa Bambo Fidelis umatalika, kuti amadzimva, ndiponso kuti akuthamangitsa anthu ofuna kuthandiza mpingo.

Mkulu wa chipani anawaitanitsa Bambo Fidelis, anawathirira tiyi ndi dzanja lake. Anawauza kuti anachita bwino kwambiri, kuti lamulo ndi lamulo, kuti iye akuwanyadira. Kenaka anati munthu wolimba mtima chotere ayenera kupumako, ndipo ku Garneton, kunja kwa Kitwe, kuli mpweya wabwino.

Bambo Fidelis zinawapweteka. Anauza wansembe mnzawo kuti akanakonda kudzudzulidwa kusiyana ndi kuthamangitsidwa ndi mawu oyamikira. Kwa masiku angapo analingalira zovula mkanjo n'kukafuna ntchito kumgodi ngati anzawo. Pamapeto pake anamanga sutikesi panjinga.

Patson anakakwatira kwa boma. Malata anabweretsadi, okwana theka la denga, ndipo amisiri anawakhoma mbali ya tchalitchi imene iye ankakhala.

Ku Garneton kunalibe tchalitchi. Kunali khola lalitali la nkhuku limene mzungu wina anasiya pobwerera kwawo. Akhristu ake anali olima m'madimba, alonda ndi otentha makala, anthu amene kukwera mtengo kwa kopa ankangokumva pa wailesi. Bambo Fidelis anasesa mbali imodzi ya kholalo n'kuikamo guwa. Mbali inayo anaikamo nkhuku zenizeni, kuti odwala ndi amasiye azipezako dzira. Tambala ankalira pakati pa ulaliki, ndipo iwo ankamudikira amalize. Anabatiza ana, anaika akufa, anayanjanitsa mabanja omenyana, mpaka tsitsi linachita imvi. Ana a kumeneko anakula akuwatchula kuti Bambo Nkhuku, iwo n'kumavomera.

Anamwalira ndi malungo m'dzinja lina. Akuluakulu a chipani anabwera pagalimoto, mochedwa, ndipo mmodzi analalika ola lathunthu za kudzichepetsa. Kumanda sanafike chifukwa msewu unali wamatope. Bokosi ananyamula otentha makala, osavala nsapato. Alendowo asananyamuke, dalaivala wawo anapita kuseri kwa tchalitchi kukafunsa ngati kwatsalako mazira.